Laputopu Yatsopano, Zilembo Zachimbuuzi

Laputopu ikafika pakhomo ku Nkhotakota, tsiku loyamba siikhala ya mwiniwake yekha. Ina imatsika m'basi pamsewu wa M5 itakulungidwa m'malaya, yotumizidwa ndi m'bale wa ku Joni. Ina imabwera m'katoni kuchokera kusitolo ya ku Lilongwe. Ana amaunjikana pakhonde, oyandikana nawo nyumba amabwera kudzaona, ndipo aliyense amafuna kuinyamulako kuti amve kupepuka kwake.

Zodabwitsa zimayamba chisanayake chinthucho. Chaja ya ku South Africa imakhala ndi mano obulungira, pamene masoketi a m'nyumba za ku Malawi amalandira mano atatu amakona, ngati a ku Britain. Ndiye kuthamangira kumsika kukafuna adaputa. Amene anazolowera makompyuta akale amatembenuza makinawo uku ndi uku kufunafuna polowetsera CD, koma malaputopu ambiri a masiku ano alibe. Pofuna kulemba adiresi ya imelo, chizindikiro cha @ chimakana kutuluka pamalo pake, chifukwa kiyibodi ya ku Britain ndi ya ku America zinachiika pamabatani osiyana. Zonsezi anthu amangoseka, n'kuzolowera.

Chosaseketsa chimabwera usiku, alendo atabalalika. Mphunzitsi wa sekondale yoyendera amatsegula pulogalamu yolemberamo mamalikisi a ana. Mlembi wa gulu la alimi a nzimbe ku Dwangwa amatsegula kaundula wa mamembala, msungichuma wa banki m'khonde ku Chia amatsegula ndandanda ya ngongole. Zithunzi zikuwala bwinobwino, koma zilembo zikuoneka mwachimbuuzi, ngati inki yogwera papepala lonyowa. Munthu amapukuta galasi ndi m'mphepete mwa chitenje, amatikita m'maso, koma palibe chosintha. Mtima umathamangira kumodzi: andigulitsa yowonongeka.

Kawirikawiri makinawo amakhala alibe vuto lililonse. Ulendo wa makilomita pafupifupi 200 wobwerera ku Lilongwe kukakangana ndi wogulitsa ungapewedwe ndi mphindi khumi zokha.

Kwa wolemba Chichewa, chimbuuzi si nkhani ya kukongola chabe. Kachizindikiro kakang'ono kamene kamasiyanitsa m'bale ndi mbale, kapena ng'oma ndi ngoma, ndi koyamba kusowa zilembo zikafufuma. Kadenga ka pa ŵ kamasanduka kadontho ka litsiro. Pa manambala m'pamene pamaopsa kwambiri: 3 amafanana ndi 8, ndipo mwana amene anapeza 83 angalembedwe 33 ndi mphunzitsi wotopa amene akukopera mamalikisi pakati pa usiku.

Kuti munthu amvetse gwero la vutoli, ayang'ane ukonde. Asodzi a m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti chilimira chokokera usipa chili ndi maso ang'onoang'ono othithikana, pamene matchera a chambo ali ndi maso akuluakulu. Sikirini nayo ndi ukonde wa timadontho towala, totchedwa mapikiselo, ndipo chiwerengero chake chinakhazikika kufakitale. Malaputopu otsika mtengo, komanso ambiri akale, ali ndi timadontho 1366 chopingasa ndi 768 chotsika, tonse pamodzi 1,049,088. Amene amalembedwa kuti Full HD ali ndi 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, kutanthauza timadontho 2,073,600, pafupifupi kuwirikiza kawiri pagalasi la msinkhu womwewo. Pa sikirini ya mainchesi 15.6, yoyamba ija imakhala ndi timadontho pafupifupi 100 pa inchesi iliyonse, yachiwiriyi pafupifupi 141.

Chilembo chilichonse chimamangidwa ndi timadontho timeneti. Chimaoneka chakuthwa ngati chithunzi chimene kompyuta ikutumiza chikugwera ndendende m'maso a ukondewo, dontho pa dontho. Zikasemphana, makina amayamba kupaka mitundu yapakatikati kuti atseke mipata, ndipo chimbuuzi chimabadwira pamenepo.

Choncho poyambira ndi pa kuchuluka kwa timadontho. Pa Windows 10 ndi Windows 11, munthu amadina batani lakumanja la mawusi pamalo opanda kanthu a sikirini n'kusankha Display settings. Pamzere wa Display resolution pamakhala manambala angapo, ndipo imodzi imakhala ndi mawu akuti Recommended. Imeneyo ndiyo nambala yeniyeni ya galasilo. Ambiri amaitsitsa dala, makamaka akuluakulu amene akuona kuti zilembo zachepa, poganiza kuti akuzikulitsa. Zimakuladi, koma zimafufuma, chifukwa chithunzi cha timadontho tochepa chikuyalidwa paukonde wa maso ambiri.

Nthawi zina nambala yoyenerayo siipezeka n'komwe pamndandanda. Apa mpofunika kukumbukira kuti laputopu zambiri zimene zimatchedwa zatsopano kuno ndi zatsopano kwa wogula yekha. Zinagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja, ndipo wogulitsa anafufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Akachita zimenezi mothamanga, amasiya kapulogalamu koyendetsa zithunzi, kamene akatswiri amati dalaivala. Umboni wake umapezeka mu Device Manager, pansi pa Display adapters: ngati palembedwa Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa dzina ngati Intel, AMD kapena Nvidia, ndiye kuti makinawo akuyendera dalaivala wongogwirizira. Windows Update imatha kubweretsa woyenera, ndipo amapezekanso kwaulere patsamba la kampani imene inapanga laputopuyo. Chofunika ndi bando yokwanira ya TNM kapena Airtel, chifukwa ena mwa madalaivalawa amadya mamegabaiti mazana angapo, komanso batire yodzaza, kuopa kuti magetsi angathime ntchito ili pakati.

Koma vuto limene limasokoneza anthu ambiri ndi lina. Zilembo za pa Start zili bwino, za pa Chrome zili bwino, koma pulogalamu imodzi yokha, kawirikawiri yakale yowerengera ndalama kapena yosungira mayina, ndiyo ili mbuu.

Chiyambi chake ndi mbiri ya Windows. Kwa zaka zambiri mapulogalamu ankalembedwa poganiza kuti sikirini iliyonse ili ndi timadontho 96 pa inchesi. Magalasi othithikana atafala, makamaka kuchokera pamene Apple inatulutsa iPhone 4 mu 2010 ndi MacBook Pro ya Retina mu 2012, zilembo za msinkhu wakalewo zinayamba kuoneka ngati nyerere. Windows inathetsa zimenezi pokulitsa chilichonse, ndipo n'chifukwa chake laputopu ya Full HD imafika itaikidwa kale pa 125% kapena 150% pamzere wa Scale. Mapulogalamu atsopano akauzidwa za kukulitsaku amajambula zilembo zawo mwatsopano ndi timadontho tambiri. Akale samva chinenero chimenecho. Amajambula monga ankachitira kale, ndipo Windows imatenga chojambulidwacho n'kuchikoka kuti chikule. Aliyense amene analembapo dzina lake ndi bolopeni pa mphira ya legeni, kenako n'kuikoka, akudziwa zotsatira zake: dzina limatalika, koma inki imazilala.

Mankhwala ake ali pa pulogalamu yovutayo. Munthu amadina chizindikiro chake ndi batani lakumanja, n'kulowa mu Properties, kenako Compatibility, kenako Change high DPI settings. M'munsi muli kabokosi ka Override high DPI scaling behavior. Akakachonga n'kusankha Application, Windows imasiya kukoka, zilembo zimakhala zakuthwa ngakhale zingachepeko. Ngati zachepa mopitirira, pamndandanda womwewo pali System (Enhanced), imene imayesa kukulitsa zilembo popanda kuzifufumitsa. Pulogalamuyo iyenera kutsekedwa n'kutsegulidwanso kuti kusinthaku kuoneke. Pa Windows 10, kuyambira mu 2018, mu Advanced scaling settings mulinso batani lolola Windows kudzikonzera yokha mapulogalamu oterewa.

Wofuna zilembo zikuluzikulu, ndiye, asakhudze Display resolution. Akweze Scale, kapena mkati mwa Word ndi Chrome agwire batani la Ctrl n'kupukusa kagudumu ka mawusi.

Chinthu chomaliza chokhudza zilembo ndi ClearType, luso limene Microsoft inalengeza mu 1998. Kadontho kalikonse ka sikirini kali ndi timizere titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. ClearType imayatsa timizereti patokhapatokha m'mphepete mwa chilembo, kotero kuti malo opindika a s kapena a g amasalala m'malo mooneka ngati masitepe. Mu Windows XP ya 2001 lusoli linalimo koma linkabwera lozimitsa, ndipo kuyambira pa Windows Vista limabwera loyatsa. Polemba mawu akuti ClearType pabokosi lofufuzira pamatuluka Adjust ClearType text. Makina amaonetsa timabokosi ta mawu ofanana, munthu n'kumasankha kamene akukaona bwino, tsamba ndi tsamba, mofanana ndi mmene amachitira woyeza maso kuchipatala. Palibe yankho lolondola kwa onse. Phindu lake limaoneka kwambiri pa masikirini a 1366 aja, amene timadontho take n'totalikirana.

Pali msampha wina umene umagwira aphunzitsi, alaliki ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Laputopu ikalumikizidwa ku pulojekita pamsonkhano, n'kusankha Duplicate kuti khoma ndi sikirini zionetse zofanana, Windows imatsikira pa nambala imene zipangizo zonse ziwiri zingakwanitse. Mapulojekita ambiri akale ndi a 1024 kwa 768, ndiye laputopu nayo imafufuma. Kudina batani la Windows pamodzi ndi P, n'kusankha Extend, kumalola chilichonse kukhala pa nambala yake. Chingwe nachonso chili ndi mbali: cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chimataya kuthwa kwa zilembo, makamaka chikakhala chachitali, pamene cha HDMI chimafikitsa chithunzi monga chachokera.

Nyanja imawonjezerapo zake. Masana a mu Okutobala, kuwala kochokera pamchenga ndi pamadzi kumaphimba sikirini, makamaka ya galasi lonyezimira, moti wokhala pansi pa mtengo wa mango atafulatira nyanja amangodziona nkhope. Kutembenuka kuti kuwala kubwere cham'mbali kumathandiza kuposa kukweza kuwala kwa sikirini, kumene kumamaliza batire. Miyezi ya mwera, fumbi limamatirira pagalasi pamodzi ndi mafuta a m'zala. Ndipo nyengo imene nkhungu zimafuka panyanja ngati utsi, sikirini yowala m'chipinda chamdima imaziitana monga nyali za asodzi zimaitanira usipa. Kuziphwanyira pagalasi kumasiya madontho amene m'mawa amaoneka ngati zilembo zawonongeka. Kansalu kofewa konyowetsedwa pang'ono ndi madzi oyera n'kokwanira, makina atazimitsidwa. Sopo, sipiriti wothira mwachindunji ndi pepala la nyuzi zimawononga khungu la galasilo. Ena amasiyanso dala kapulasitiki kamene kamabwera katamatidwa pa sikirini, kuti laputopu izioneka yatsopano, osadziwa kuti kakakalika ndi kamene kamaphimba zilembo.

Nanga zonsezi zikachitika koma chimbuuzi chilipobe? Patsala zinthu ziwiri: galasi lenilenilo, kapena maso a mwiniwake.

Galasi lowonongeka limadziulula. Limakhala ndi mizere yoimirira yosasuntha, zigamba zakuda kapena zoyera, kapena limaphethira chivindikiro chikagwedezeka, ndipo zimenezi zimaoneka ngakhale pa chizindikiro cha kampani chimene chimatuluka makina akangoyatsidwa, Windows isanayambe. Apo ndiye lisiti ndi wogulitsa zikufunika. Magalasi otsika mtengo a mtundu wa TN nawo amazilala munthu akawayang'ana cham'mbali kapena chapansi, mosiyana ndi a IPS. Limenelo si vuto, ndi chibadwa chake, ndipo kupendeketsa chivindikiro pang'ono kumabwezera mtundu. Wopita kwa wogulitsa angachite bwino kufunsanso ngati makinawo angalandire Windows 11, popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Za maso n'zosavuta kuyesa. Munthu atenge buku la nyimbo kapena nyuzipepala. Ngati nazonso akuziwerenga atatambasula mkono, laputopu ilibe mlandu. Zaka zikapitirira 40, diso limayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo magalasi owerengera amathetsa zimenezo. Chimbuuzi chingakhalenso chizindikiro cha ng'ala kapena matenda a shuga, choncho ndi bwino kukayezetsa kuchipatala cha boma m'malo mongotola magalasi pamsika. Kwa amene maso awo amangotopa ndi kuyang'anitsitsa, madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse, munthu ayang'ane chinthu chakutali mamita 6 kapena kuposerapo kwa masekondi 20.

Ku Nkhotakota chinthu chakutali sichisowa. Mphunzitsi uja akakweza mutu madzulo, pali nyali za mabwato a usipa zitandandalika pamadzi. Akabwerera pa sikirini, mwana wa 83 uja ali ndi 83 wake, ndipo kalata yopita kwa m'bale ku Joni yothokoza chifukwa cha mphatso ikuoneka kuti ikupitadi kwa m'bale, osati kwa mbale.