Kuchoka pa Mtengowanthenga kupita ku Blantyre: pandege kapena pabasi?

Anthu a pa Mtengowanthenga ndege anazizolowera kuziona zikudutsa m'mwamba, chifukwa bwalo la Kamuzu International Airport lili pafupi, pa Lumbadzi. Koma ambiri akaitanidwa ku intavyu ku Blantyre, kapena akamva zoti m'bale ali kayakaya ku Queens, amalilambalala bwaloli n'kukakwera basi m'tauni ya Lilongwe. Kodi ndege ikanawapulumutsira nthawi yochuluka bwanji?

Tiyambe ndi mtunda. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kukafika pa Chileka, molunjika mumlengalenga, pali makilomita pafupifupi 250. Pamsewu wa M1, wodzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita oposa 300, ndipo wochokera pa Mtengowanthenga amawonjezerapo ulendo wokafika kaye mu Lilongwe.

Mumlengalenga simutha ndi ola lomwe, nthawi zambiri ndi mphindi 40 mpaka 50 basi. Kampani yomwe imayenda njirayi ndi Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha. Boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, ndipo otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Maulendo ena amatera pa Chileka n'kupitirira mpaka ku Johannesburg.

Komatu musatengeke ndi mphindi 40 zimenezi. Werengani ulendo wonse, kuyambira pakhomo panu. Muyenera kupeza galimoto yokafika pa Lumbadzi ndi ina yolowa kubwaloko, n'kufika kudakali ola limodzi kapena kuposerapo kuti aone tikiti ndi kusecha katundu. Mukatera, mudikire chikwama, kenako mupeze takisi chifukwa Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda. Zonsezi mukaziphatikiza zimakwana maola atatu kapena anayi.

Pamsewu, basi yaikulu imatenga maola anayi ndi theka mpaka asanu kuchoka ku Lilongwe, kuphatikizapo kuima pamarodibuloko ndi pa zipata zolipirira za Kalinyeke ndi Chingeni. Onjezani minibasi ya pa Mtengowanthenga, yomwe imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, ndiye maola asanu ndi awiri atha mosavuta.

Apa ndiye kuti ndege imakupulumutsirani maola atatu kapena anayi, koma tikiti yake imakwera mtengo kangapo kuposa ya basi. Vuto lina n'lakuti ndege sizinyamuka pafupipafupi. Ikakusiyani ya lero, mwina mudikira mpaka mawa, pomwe basi mumapezako ina tsiku lomwelo.

Ngati intavyu ili mawa m'mawa ndipo mwauzidwa lero m'mawa, kwerani basi ya masana, mukagone kwa achibale ku Ndirande kapena ku Chilomoni, ndalama yotsalayo ikuthandizeni pobwerera. Ndege isungireni tsiku limene ola lililonse ndi lofunika, monga pa matenda aakulu, kapena pamene abwana ndiwo akulipira. Mukasankha ndege, gulani tikiti msanga, onetsetsani kuti dzina la pa tikiti likufanana ndi la pa chiphaso chanu, ndipo funsani nthawi yonyamukira musanachoke pakhomo poti ndandanda imasinthasintha.