Miyeso iwiri pa bala limodzi

Nkhani ya ndewu ya m'banja ikamveka pamsika wa Mbulumbuzi kapena m'minibasi yochokera ku Namitambo, zonena zathu zimadalira kuti wavulalayo ndani. Akakhala mayi, timafunsa kuti, "Analakwa chiyani?" Akakhala bambo, timayamba taseka kaye, kenako wina n'kunena kuti anamudyetsa khuzumule. Bala n'lomwelo, koma timaliyeza ndi miyeso iwiri.

Miyeso yonse iwiri imachokera pa maganizo amodzi, akuti dzanja la mwamuna limalanga pomwe la mkazi silipweteka. N'chifukwa chake ena amati kumenya ndi mankhwala a banja. Kafukufuku wa zaumoyo yemwe National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 34 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chikwanitsire zaka 15. Anapezanso kuti amayi 16 ndi abambo 13 pa 100 alionse amaona kuti nthawi zina mwamuna salakwa kumenya mkazi wake. Choncho amene amavutika kwambiri ndi amayi, ndipo ena mwa iwo anafika povomereza nkhanzazo.

Koma maganizo omwewa amatsekanso abambo pakamwa. Ku Chiradzulu mabanja ambiri ndi a chikamwini. Mkamwini akathiridwa madzi otentha kapena kugendedwa, mboni zake zimakhala alamu ndi apongozi ake. Akadandaula, angauzidwe kuti alongedze azipita kwawo, ana n'kutsala. Akaganiza zopita kupolisi, amakumbukira zomwe anamva ali mwana, zoti mwamuna salira. Ambiri amangonena kuti anagwa panjinga.

Lamulo lilibe tsankho lotere. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limateteza aliyense wa m'nyumba, kaya ndi mkazi, mwamuna kapena mwana, ndipo khoti likhoza kulamula wankhanzayo kuti asiye kapena atalikire. M'malamulo a milandu ya upandu, womenya mnzake mpaka kumuvulaza akhoza kukhala kundende zaka 5, ndipo womuvulaza modetsa nkhawa, zaka 14. Khoti limayang'ana kukula kwa bala ndi umboni, osati ngati wolakwayo amavala chitenje kapena buluku. Vuto n'lakuti milandu yambiri imafera panjira. Ya amayi imathera kwa ankhoswe ndi mawu akuti banja ndi kupirira, ya abambo imathera m'nthabwala.

Tsankho lotere si lachilendo kwa owerenga Baibulo. Pa Yohane 8, alembi ndi Afarisi anabweretsa kwa Yesu mkazi yekha, chonsecho Levitiko 20:10 imatchula onse awiri. Mwamunayo anali kuti? Funso lomweli liyenera kutivutitsa mpingo ukamaweruza milandu. Ngati mkulu wa mpingo womenya mkazi timangomulangiza kuseri, koma mayi woponya mbale timamuimika pamaso pa onse, ndiye kuti sikelo yathu ndi yopendekeka. Chimodzimodzinso pasukulu, mnyamata akamenya bwenzi lake n'kumati ndi chikondi, kapena mtsikana akamenya mnyamata mbama ife n'kuwomba m'manja. Ntchito ya enditnow, yomwe ADRA ndi Utumiki wa Amayi anayambitsa mu 2009, imatikumbutsa kuti nkhanza zilibe malo pakati pathu.

Munthu wovulazidwa akabwera kwa ife, tiyambe ndi kumumvera, osamuseka kapena kumufunsa chomwe analakwa. Timuperekeze ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, komanso kuchipatala kuti akalandire thandizo ndi chikalata cha umboni wa mabala ake. Ankhoswe ali ndi ntchito yawo yoyanjanitsa banja, koma pomwe patuluka magazi, nkhaniyo yawapitirira. Tisaiwale kuti ana a m'nyumbamo amamva zomwe timanena, ndipo muyeso womwe tikuwaonetsa lero ndi womwe adzatenge pokamanga mabanja awo.