MTENGO WA APOZI PAKHOMO PANU

Amayi, mwana amene amadya chipatso tsiku lililonse amakula ndi mphamvu, ndipo thupi lake limalimba polimbana ndi matenda. Ngati mumakhala kumalo okwera ndi ozizira, monga ku Dedza, Ntcheu kapena Neno, mungathe kudzala maapozi kuseri kwa nyumba yanu.

Ilipo mitundu ina yakale imene siipezeka kaŵirikaŵiri pamsika. Umodzi ndi Winter Banana, umene unayambira ku Indiana, m'dziko la America, cha m'ma 1876. Mtunduwu umabereka ngakhale kumene kulibe chisanu choopsa.

Dziŵani kuti njere ya apozi siibala mtengo wofanana ndi make. Mtundu wakale umasungika pomezanitsa kanthambi kake pa tsinde la mtengo wina. Tsono musavutike ndi njere: funsani mlangizi wa zaulimi za mbande zomezanitsa.

Kumbani dzenje lakuya masentimita 60, ndipo sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino. Dzalani mitundu iŵiri moyandikana kuti njuchi zithandize maluŵa kugwira zipatso. Tchingirani mbande kuti mbuzi zingadye, ndipo zithirireni madzi m'chilimwe. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi mudzayamba kuthyola.

Mwana akakwanitsa miyezi 6, tsukani apozi, musende, muphike ndi kumupota, kenaka musakanize m'phala. Musampatse mwana wamng'ono nthuli zolimba, chifukwa zingamtsamwe. Pitirizani kumuyamwitsa, ndipo musaleke kubwera naye kusikelo mwezi uliwonse.