Tebulo lokwera lokha lafika, koma msana ndi wanu

Mwezi wathawu ndinakacheza kwa mwana wanga ku Lilongwe. Iye ndi mkazi wake amagwirira ntchito pakhomo, chizolowezi chimene chinayamba nthawi ya Covid-19 mu 2020. Ndisanamwe n'komwe madzi, mpongozi wanga anandikokera kuchipinda chimene anachisandutsa ofesi.

"Amayi, taonani chimene tagula. Ana anuwa msana usiya kuwavuta tsopano," anatero akudina kabatani. Tebulo linayamba kulira chapansipansi, n'kumakwera lokha mpaka kufika pamchombo pake. Ine kukamwa yasa!

Ana anga, matebulo amagetsiwa ayamba kulowa m'makomo mwanu, ndipo ena mukusunga kale ndalama zogulira. Musanatulutse ndalamazo, tamverani za ine amene ndaimirira m'mawodi zaka zoposa 30.

Zoti kukhala pansi tsiku lonse kumawononga thupi si nkhambakamwa. Mu 1953, dokotala wina wa ku London, Jeremy Morris, anayerekeza madalaivala a mabasi osanjikizana ndi makondakitala awo. Anapeza kuti matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala, amene ankakhala pampando tsiku lonse. Koma taonani bwino: makondakitala aja sankangoima ngati mitengo ayi. Ankakwera ndi kutsika masitepe a basi kutolera ndalama. Chimene chinkawateteza ndi kuyendayendako.

Mu 2024, akatswiri a payunivesite ya Sydney ku Australia anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 83,000 a ku Britain. Anapeza kuti kukhala pansi maola oposa 10 patsiku n'koopsadi, koma kungoimirira nthawi yaitali sikuchepetsa matenda a mtima. Anaonanso kuti amene amaima maola oposa awiri patsiku amakhala pachiopsezo cha mavuto a mitsempha ya m'miyendo.

Izitu ine sindinadabwe nazo. Anamwino anzanga ambiri tinapuma ntchito tili ndi mitsempha yotupa kuseri kwa mawondo. Chifukwa chake n'chosavuta. Magazi a m'miyendo amabwerera kumtima mokwera chitunda, ndipo chimene chimawakankha ndi akatumba. Mukamayenda, akatumbawo amafinya mitsempha ngati pampu. Mukangoti chilili malo amodzi, pampuyo imaima, magazi n'kumadikha kumapazi.

Ndiye tebuloli n'lachabe? Iyayi. Ubwino wake ndi woti limakulolani kusinthasintha kakhalidwe popanda kusiya ntchito. Katswiri wina wa payunivesite ya Cornell ku America, Alan Hedge, amalangiza kuti pa theka lililonse la ola mukhale pansi mphindi 20, muime mphindi 8, kenako muyendeyende mphindi ziwiri. Ngati ndinu woyamba kumene, musadzikakamize. Yambani ndi kuima pang'ono kangapo patsiku, thupi lizolowere.

Msinkhu wa tebulo nawo ndi nkhani. Imani mowongoka, mapewa ali omasuka, n'kupinda mikono pachigongono ngati ngodya ya nyumba. Pamene pafika manja anu, mpamene tebulo liyenera kulekezera. Kumtunda kwa sikirini kulingane ndi maso anu, ndipo italikirane nanu ngati kutalika kwa mkono. Ngati mumagwiritsa ntchito laputopu, ikwezeni pamabuku n'kulumikiza kiyibodi yapadera, apo ayi khosi lidzauma ngakhale mutaimirira. Valani nsapato zafulati, kapena yalani kanthu kofewa pasimenti. Kampando kakafupi kopondapo phazi limodzi mosinthanasinthana kamapeputsa chiuno. Popeza bambo ndi mayi simulingana msinkhu, matebulo ambiri ali ndi mabatani osunga muyeso wa aliyense. Agwiritseni ntchito, musamakanganirane.

Kwa inu amayi oyembekezera, kuima nthawi yaitali kumawonjezera kutupa kwa mapazi, ndipo ena amachita chizungulire. Imani pang'ono, khalani, kwezani miyendo.

Tsopano ndifike pa chimene chinandidula mtima. Tsiku lachiwiri, tili kukhitchini, mdzukulu wanga wa zaka zitatu anazemba n'kulowa muofesi muja. Iye anali ataona kale mmene amayi ake amadinira. Tinangomva phokoso. Tebulo linali likukwera, nthambo ya laputopu itakokeka kuti nga, makinawo atafika m'mphepete penipeni. Tinangotaya chaja basi, koma usiku umenewo sindinagone. Bwanji likanakhala kuti likutsika, mng'ono wake akukwawa pansi pake?

Mota ya tebuloli imanyamula katundu wolemera kuposa mwana, ndipo sidziwa kusiyanitsa mpando ndi mutu wa khanda. Pogula funsani ngati lili ndi loko wa mabatani, komanso ngati limaima lokha likagunda chinthu. Ngakhale litakhala nazo, musazidalire kotheratu. Mukamaliza ntchito zulani pasoketi ndipo tsekani chitseko. Nthambo zikhale zazitali mokwanira, koma zomangidwa bwino, zisamalendewere. Kapu ya tiyi wotentha isakhale patebulo loyenda pamene mwana ali pafupi.

Kumbukiraninso kuti magetsi akazima, tebulo limatsalira pomwe linali. Likatsalira m'mwamba, muima mpaka abwere. Magetsi akamaphethiraphethira, litsitseni msanga n'kulizula. Ngati achibale akukutumizirani kuchokera kunja, onani kaye mphamvu yake: kuno magetsi athu ndi mavoti 230, pamene ku America ndi 120.

Nkhani ya ndalama muikambirane awiri. Si bwino fizi ya mwana kapena lendi kuthera patebulo chifukwa choti mwaliona kwa anzanu. Alipo matebulo opukusa ndi dzanja osafuna magetsi. Kalipentala wa kwanuko akhozanso kukukhomerani kabokosi kolimba koika pamwamba pa tebulo lomwe muli nalolo. Msana sudziwa mtengo wa chimene mwaimirapo.

Ndipo tebulo si dokotala. Msana ukamapweteka mpaka miyendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukamavuta kuugwira, thamangirani kuchipatala. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2020 kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata. Kuima pakompyuta sikulowa m'chiwerengero chimenecho. Kuyenda ndawala kupita kumsika, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, kukolopa ndi kuthamangitsana ndi ana pabwalo, zimenezo ndiye zimalowa.

Mwana wanga uja tebulo akadali nalo, ndipo akuti likumuthandiza. Koma tsopano madzulo aliwonse amabereka wamng'onoyo, mkazi wake n'kugwira dzanja wamkuluyo, ulendo wozungulira dera lawo. Chitseko cha ofesi chimakhala chokhoma, kiyi ali pamwamba pa kabati.

Mulungu akusungeni, tidzachezanso Lamulungu likudzali.