NG'ONA PA DOOKO: TETEZANI ANA ANU

Mayi, m'sewero lija munamva za mwana amene ng'ona inamugwira mwendo akusambira madzulo, pa dooko pomwe ankasambira masiku onse. Ena anati ng'onayo inachita kutumidwa ndi mfiti. Koma taonani mmene nyamayi imasakira.

Ng'ona imaphunzira chizolowezi chathu

Ng'ona n'zambiri mu mtsinje wa Shire, makamaka ku Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje. Ziliponso m'nyanja ya Malombe ndi m'malo a bango m'nyanja ya Malawi. Ng'ona imabisala m'madzi, pamwamba n'kungotsala maso ndi mphuno. Ikaona anthu akubwera pamalo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, imayandikira ndi kudikira. Imagwira ngakhale munthu woima m'madzi olekeza m'mawondo, n'kumukokera pakuya kuti amire. Mwana ndi wopepuka, savuta kukoka.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi madzulo, usiku ndi m'bandakucha. Madzi akasefukira m'dzinja, ng'ona zimafika m'madambo momwe anthu amafuna nyika nthawi ya njala. Ng'ona yaikazi imalondera mazira ake mu mchenga pafupifupi miyezi 3, ndipo pa nthawiyi imalusa.

Chitani izi

1. Tungani madzi pa mjigo kapena pa chitsime ngati zilipo.
2. Ngati mutunga ku mtsinje, tungani msanga n'kuchoka. Kachapireni ndi kusambitsira ana kumtunda, kutali ndi madzi.
3. Musatume mwana yekha ku dooko. Musamulole kusambira kapena kudumphira m'madzi akuda ndi a bango.
4. Musataye matumbo a nsomba kapena nyama yakufa pa dooko. Zimenezi zimaitana ng'ona.
5. Mukaona ng'ona, uzani amfumu kuti adziwitse a boma oona za nyama zakutchire.

Munthu akalumidwa

Muchotseni msanga m'mbali mwa madzi. Panikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osasiya, kuti magazi aleke kutuluka. Ngati magazi sakutuluka kwambiri, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyera ambiri. Musathirepo dothi, ndowe, phulusa kapena zitsamba.

Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lioneke laling'ono. Mano a ng'ona amalowa mkati kwambiri ndipo amasiya tizilombo toyambitsa matenda. Bala lotere limatupa ndi kuola m'masiku ochepa, mwina mpaka kudulitsa mwendo. Kuchipatala adzalitsuka bwino, adzapereka mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata. Musachedwe pofufuza amene watuma ng'ona. Balalo silidikira.

Kambiranani ndi anzanu ku sikelo

Kodi ana a m'mudzi mwanu amasambira kuti, ndipo nthawi yanji? Ndani amawayang'anira? Nanga munthu atalumidwa lero, mungamunyamule pa chiyani kupita naye kuchipatala?

Kumbukirani: dooko limene mwalizolowera, ng'ona nayonso yalizolowera.