Kutenga Mwana Wolera: Yambirani ku Boma

Kulera mwana wamasiye si cacilendo kwathu kuno. Koma inu ofuna kuti mwanayo akhale wanu mwa lamulo, musathamangire bungwe liri lonse lodzicha losunga ana. Yambani mwafika ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, kaya ku Katete kapena ku Petauke, mukafunse ngati bungwelo liri lobvomerezeka pa lamulo la ana la 2022. Wopempha ndalama zam'mbali kuti akupezereni mwana, muopeni.

Khoti lokha ndilo lipereka cikalata comariza. Lamulo la 1989 ligawira ana theka la cuma ca kholo lomwalira popanda wilo, ndipo mwana wotengedwa m'khoti awerengedwa pamodzi ndi obadwa m'nyumbamo. Wopanda cikalata, acibale angathe kumkankhira kunja maliro asanathe n'komwe.