Mwana Waloweza Nkhani, Koma Kodi Waimva?

Makolofe timakondwa tikaona mwana wa Folomu 4 ali duu pakhonde, maso ali pa buku. Koma tikasuzumira bwino, nthawi zambiri chili m'manjamo si buku lenileni ayi. Ndi kapamfuleti ka manotsi komwe wina anafupikitsiramo nkhani yonse m'masamba ochepa. Mwanayo aloweza maina ndi zochitika, nalowa m'mayeso a MSCE mtima uli m'malo. Zotsatira zikatuluka, Chingerezi chamugwetsa. Pajatu wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza chotani.

Vuto lagona poti ofunsa mayeso safuna kungomva zomwe zinachitika. Amafunanso chifukwa chake, ndi umboni wochokera m'bukumo. Tiyeni titenge chitsanzo cha The Pearl, buku lomwe ana ambiri a sekondale m'dziko muno akhala akuwerenga. Analilemba ndi John Steinbeck wa ku America, ndipo linatuluka m'chaka cha 1947. Limakamba za Kino, mmphawi wa ku La Paz m'dziko la Mexico, amene ntchito yake ndi kumira m'nyanja kufunafuna ngale. Mwana wake wakhanda, Coyotito, alumidwa ndi chinkhanira. Apita naye kwa dokotala, koma poti Kino alibe cholipira kupatula tingale 8 tachabechabe, wantchito awauza kuti dokotala wachokapo. Tsiku lomwelo Kino atola ngale yaikulu zedi, ndipo madzulo ake dokotala uja atulukira yekha pakhomo pawo.

Mpaka apa kapamfuleti kamafika. Koma taonani zomwe woloweza amaphonya. Dokotala asanabwere, mayi wa mwana, Juana, anali atayamwa kale ululu pabalapo n'kuikapo ndere za m'nyanja, ndipo chotupa chinali chitayamba kuphwa. Dokotala amwetsa mwana mankhwala a ufa woyera, nanena kuti abweranso likatha ola limodzi. Mwana, amene anali kupeza bwino, ayamba kusanza ndi kuphiriphitha. Dokotala abweradi, namuchiza. Kenaka afunsa za ngale ija uku akuyang'anitsitsa maso a Kino kuti aone komwe athawire, ndipo masowo athawira pakona pomwe ngale yakwiriridwa.

Mlembi sanatiuze poyera kuti dokotala anadwalitsa mwana dala. Watisiyira mapazi kuti tilondole tokha. Luso lomwe aphunzitsi a Chingerezi amavutikira kuphunzitsa ndi limeneli: kumva zomwe zanenedwa, ndi kumvanso zomwe zangolozedwa. Mwana amene walemba kuti dokotala ndi wadyera walemba zoona, koma malikisi ambiri apita kwa mnzake amene waonjeza kuti, pajatu anakana mwana m'mawa, nabwera madzulo atamva za ngale, komanso matenda anayamba mankhwala atamwedwa.

Chomwe chimatikhudza ife m'bukuli ndi chakuti Kino mwini wake akukayika dokotalayo, koma sangamutsutse chifukwa sadziwa zomwe zili m'mabuku. N'chifukwa chake pa zonse zomwe akulakalaka, monga ukwati wa m'tchalitchi, zovala ndi mfuti, chachikulu ndi chakuti Coyotito apite kusukulu, adzathe kuwerenga, kuti banja lawo lisamapusitsidwe. Mawa lake apusitsidwanso. Ogula ngale aoneka ngati akupikisana, chikhalirecho onse ndi antchito a munthu mmodzi. Woyamba atchula mapeso 1,000 pa ngale yomwe Kino akuti ndi ya 50,000. Amene tinagulitsapo fodya kapena nandolo kwa mavenda sitifunika mphunzitsi kuti atimasulire tsamba limeneli.

Apa ndiye pali mwayi wathu, ngakhale ife amene Chingerezi chinatidutsa. Tinakula ndi nthano, ndipo agogo akamaliza ya kalulu sankafunsa kuti njovu inafika liti. Ankafunsa kuti kalulu anaganizanji. Tingachite chimodzimodzi. Mwana atifotokozere m'Chichewa mutu umene wawerenga, ife tifunse kuti, chifukwa chiyani anatero? Akayankha, tifunsenso kuti, waziona pati? Atsegule buku, aloze mzere, aumasulire. Akalephera kuupeza, ndiye kuti wangomva kwa anzake. Mawu achilendo asathamangire nawo ku dikishonale. Ayambe wayerekeza tanthauzo poona mawu oyandikana nawo, poti m'chipinda cha mayeso dikishonale salowa nayo.

Tikudziwa kuti m'sukulu zambiri buku limodzi amalimbirana ana angapo. Komabe The Pearl ndi lalifupi, lili ndi mitu 6 yokha, moti mwana akalibwereka Lachisanu angathe kulibweza Lolemba atalimaliza. Ndalama ya kapamfuleti bwenzi mabanja awiri kapena atatu atasonkherana n'kugula buku lenilenilo.

Akafika kumapeto, adzapeza Coyotito atafa ndi chipolopolo cha anthu olondola Kino kumapiri, makolo ake akubwerera ku La Paz atanyamula mtembo. Pagombe Kino apereka ngale kwa Juana kuti aiponye m'nyanja. Juana, yemwe anamenyedwapo ndi mwamuna wakeyo chifukwa chofuna kuitaya usiku mobisa, akana, namuuza kuti aiponye yekha. Tidzamufunse mwana wathu kuti Juana anakaniranji.